Mayi Zuze, Namwino Wogonetsa Anthu

Mayi Zuze tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Anagwa m'mawa pa siteji ya minibasi kuno ku Chilomoni, akupita kuntchito. Amene anawanyamula akuti maso anali otsegula koma sankayankha. Anamwalira tsiku lachitatu, m'chipatala chomwe anagwiramo ntchito moyo wawo wonse. Madokotala anati ndi sitiroko.

Pa maliro panalankhulidwa zambiri za kwaya ndi za bungwe la amayi. Za ntchito yawo amene anazitchula ndi munthu mmodzi yekha, mwachidule. N'chifukwa chake ndikulemba. Chifukwa china n'chakuti mkazi wanga Felista ali ndi chithokomiro pakhosi chimene chiyenera kuchotsedwa, ndipo amene analonjeza kumugonetsa ndi kumudzutsa ndi amene tawakwirirawa.

Ku fiyeta, kumene amachitira opareshoni, anthu amadziwako dokotala wong'amba. Koma kumutu kwa wodwala kumakhala munthu wina. Ameneyu amabaya mankhwala ogonetsa, amalowetsa paipi kukhosi, amamupumira wodwalayo mpaka ntchito ithe, kenaka n'kumudzutsa. Mayi Zuze anayamba ngati nesi wa m'wodi. Ntchito yogonetsayi anakaiphunzira ali kale ndi ana awiri, ndipo sanaisiyenso.

Kwawo kunali ku Nsanje. Akakwiya, Chisena chinkatuluka chokha. "Nkhabe!" Akakana choncho nkhani yatha, kaya akukana dokotala wamkulu bwanji. Anali aafupi, a manja aakulu. M'chikwama mwawo simunkasowa mabatire awiri atsopano, chifukwa kachitsulo kounikira kukhosi kamayendera mabatire, ndipo a kuntchito ankakonda kutha pa nthawi yoipa. Ukamawapatsa moni sankakuyang'ana m'maso. Ankayang'ana chibwano, mano ndi khosi, kuona ngati paipi ingalowe. Wansembe wina wonenepa, wa khosi lalifupi, Mayi Zuze anawauza pamaso pa anthu kuti azipemphera asadzafune opareshoni. Mu minibasi munthu akagona n'kuyamba kuliza mkonono, iwo ankasiya nkhani n'kumamvetsera kapumidwe kake. Mpweya ukaduka nthawi yayitali ankamugunda ndi chigongono, ngakhale asakumudziwa.

Anthu a kuno ankawaopa. Opareshoni ikayenda bwino, achibale ankafunafuna dokotala kuti amuthokoze, ena mpaka kumupititsira nkhuku. Munthu akatsalira patebulo, mawu ankayenda m'makwalala akuti jakisoni wa mayi aja anapitirira. Pa maliro ena amayi anzawo anawachotsa pamoto, amvekere kapumeni mwatopa, pomwe chenicheni sankafuna kuti agwire chakudya. Iwo ankazidziwa zonsezi. Ankati ntchito yawo ndi ya mlonda: kukacha bwino palibe amakumbuka kuti pageti panali munthu.

Tinali mphakati umodzi, ine ndili mlembi, choncho ankanditchula kuti alembi. Tsiku lina tikuchokera ku mapemphero ndinawafunsa ngati ntchito yotere imakoma.

"Kugonetsa munthu n'kosavuta, alembi. Ngakhale kachasu amagonetsa. Ntchito ndi kumubweza."

Anafotokoza kuti pamapeto amaweramira kukhutu kwa wodwala n'kuitana dzina lake la ubatizo. Pamakhala kanthawi kamene palibe chochitika. Kenaka chikope chimagwedezeka. Anati chikope chimenecho ndi chimene chinawasunga pantchito zaka zonsezo, osati china. Ena amadzuka akuimba nyimbo za kutchalitchi, ena akutukwana, ena akuitana mkazi amene si wawo.

"Theka la Chilomoni ndikulidziwa lili m'tulo," anatero. "Koma ine ndi bambo mfumu n'chimodzimodzi. Sitiulula."

Dandaulo lawo linali limodzi, loti akuphunzitsira ena. Zaka zimenezo anamwino ankapita ku Mangalande motsatizana, ena ku zipatala zolipira, ena ku maofesi a mabungwe. Ankati umamuphunzitsa munthu mpaka dzanja lake lileke kunjenjemera, ndipo tsiku limene laleka ndi limene amabwera kudzatsanzika. Amene anawapweteka kwambiri anali a Gondwe. Ankati pa onse amene anadutsa m'manja mwawo, a Gondwe okha ndi amene akanawalola kugonetsa mwana wawo. Atasiya ntchito, a Gondwe anawagulira nsalu yotsanzikira. Mayi Zuze anaibweza ili m'pepala lake.

A Gondwe anabwera ku maliro pa galimoto ya bungwe limene akugwirako tsopano. Ndi iwo amene anatchula za ntchito. Titachoka kumanda ndinawapeza ataima okha pafupi ndi galimotoyo.

"Mayiwa ankakutchulani kawirikawiri," ndinatero.

"Ankandinena, nenani zoona." Anaseka pang'ono, maso ali ofiira.

Ndinawafunsa chimene anasiyira ntchito ya kuchipatala.

"Bambo, ntchito ija ilibe kokwera. Umalowa uli pa kampando ka kumutu, umapuma ntchito uli pa kampando komweko. Tsiku lonse ukukoka mpweya wa mankhwala, mutu ukuwawa. Ugonetse anthu chaka chonse bwinobwino, palibe akudziwa dzina lako. Akufere mmodzi, tauni yonse yalidziwa. Ine ndili ndi ana."

"Nanga watsala ndani?"

"Alipo. Ndi abwino ndithu. Koma ndi ochepa, ndipo atopa."

Pamenepo maso awo anapita kwa mkazi wanga, amene anakhala pansi ndi amayi anzake atakulunga mpango pakhosi. Anayang'ana mpangowo nthawi yayitali.

"Awo ndi akazi anu?"

"Eya."

"Musachedwe nawo. Ndipo mukafunse bwino kuti akawagonetse ndani."

Chithokomirochi anayamba kuchiona ndi Mayi Zuze, pa mapemphero a mphakati, chikadali ngati dzira la nkhunda. Ndi iwo anatituma kuchipatala. Madokotala anati chichotsedwe, natilemba pa mndandanda. Tinadikira miyezi khumi. Kawiri Felista anagonekedwa m'wodi n'kubwezedwa: koyamba madzi anasiya, kachiwiri kunabwera anthu a ngozi ya pamsewu. Ulendo wachitatu apongozi anga, mayi ake a Felista, anachokera ku Thyolo kudzakhala gadiyani.

Madzulo ake Mayi Zuze anadutsa m'wodi monga ankachitira ndi aliyense amene akukamugonetsa mawa lake. Analamula kuti kuyambira usiku Felista asadye kanthu, asamwe kanthu. Pamwamba pa bedi anamatapo pepala lonena zomwezo.

Ine ndinafika m'mawa pa nthawi yoona odwala. Pabedi panalibe munthu. Ndinawapeza kuseri kwa wodi, pamene amayanika zovala. Apongozi anali ndi fulasiki, akumwetsa Felista phala la nsinjiro. Kapu inali itatsala pang'ono kutha.

"Amayi, paja anati asadye," ndinatero, motsitsa mawu, ndikuyang'ana pansi monga mkamwini amachitira.

"Mwana wanga apite kumpeni ndi njala? Akapanda kubwerako, mukufuna akafike kwa Mulungu m'mimba mulibe kanthu, anthu aziti mayi ake analipo? Ili ndi phala chabe, si chakudya."

Ndinawaleka. Chikwatirireni ndinali ndisanawatsutsepo apongozi, ndipo kwathu sizichitika.

Mayi Zuze anabwera patapita ola limodzi, atavala kale zobiriwira za ku fiyeta. Sankafunsa kuti wadya kapena ayi. Ankafunsa kuti wadya chiyani.

"Palibe, mayi," anatero Felista.

"Ngakhale madzi sanalawe," anawonjezera apongozi.

Mayi Zuze anaona fulasiki mu basiketi. Anainyamula, naigwedeza. Apongozi anati ndi yawo, amwa okha chifukwa cha kuzizira. Mayi Zuze anaibwezera, nandiitanira pakhonde.

"Alembi, amayi awiriwa ali ndi mantha, sindingawadalire. Inu ndikukudziwani. Munthu ndikamugonetsa, khosi lake limagonanso. Zam'mimba zikabwerera sizipita kunja, zimatsikira m'mapapo. Ngati wadya nenani, tisinthe tsiku. Palibe amene akwiye."

Apongozi anali ataima pakhomo la wodi, akumva. Ndinaganiza za miyezi khumi ija. Ndinaganiza zonyamulanso mabulangete kubwerera ku Chilomoni kachitatu. Ndinadziuza kuti ndi phala chabe.

"Sanadye," ndinatero.

Tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso.

"Chabwino. Ndakhulupirira inu."

Felista anamulowetsa cha m'ma naini. Ine ndi apongozi tinakhala pa benchi panja pa chitseko. Lisanathe ola, nesi wina anatuluka akuthamanga, nabwerera akukoka silinda ya okosijeni. Kenaka dokotala wong'amba anatuluka. Zovala zake zinalibe ngakhale dontho la magazi. Anangotidutsa. Odwala awiri amene ankadikira pa matirole anawabwezera ku wodi. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Apongozi anayamba ndi kupemphera mokweza, kenaka anangofumbatira fulasiki pamiyendo.

Mayi Zuze anatuluka cha m'ma folo. Ananyamula kambale kachitsulo kovundikira ndi kansalu. Anaima patsogolo panga navundukula.

"A Nampota, ili ndi phala la nsinjiro. Ndalichotsa m'mapapo mwa akazi anu."

Sanakweze mawu. Chisena sichinatuluke.

"Ali moyo. Makina opumira onse ali ndi anthu, ndiye ndakhala ndikuwapopera mpweya ndi manja chiyambire m'mawa. Tsopano ayamba kukoka okha. Opareshoni sinachitike."

Dzanja lawo lamanja linali litakhwinyata, zala zosatheka kutambasuka. Anaika kambaleko pa benchi, pakati pa ine ndi apongozi, nabwerera mkati.

Felista anakhala m'chipatala masabata atatu ndi chibayo. Ndinamva pambuyo pake, kwa nesi wina wa kutchalitchi kwathu, kuti kunali msonkhano wa akuluakulu, ndipo dokotala uja anaika mlandu pa Mayi Zuze, akuti sanafufuze mokwanira. Iwo anangoyankha kuti anafunsa ndipo anakhulupirira. Dzina langa sanalitchule. Analandira kalata yowachenjeza, yoyamba pa ntchito yawo yonse. Ku Chilomoni mawu anayenda monga mwa masiku onse, akuti jakisoni wa mayi aja watsala pang'ono kupha mkazi wa alembi. Ndinawamva mawuwo pa grosale ndi pa siteji. Sindinawatsutse mokwanira.

Kwa chaka chathunthu sanandilankhule. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, ankandipatsa dzanja akuyang'ana kuguwa. Ndinapita kunyumba kwawo kawiri kukapepesa. Ulendo woyamba anayankhira pawindo kuti atopa. Wachiwiri sanayankhe, ngakhale wailesi inkamveka mkati.

Kenaka Lamulungu lina masana anangotulukira pakhomo pathu.

"Sindinabwerere inu," anatero, n'kundidutsa.

Anamukhazika Felista pampando, namugwiragwira pakhosi ndi zala, namuuza kuti ameze mate. Anatulutsa chingwe m'chikwama, nazunguliza khosi, namanga mfundo pamene chingwecho chinakumana.

"Mapapo apola. Tiyeni tikachotse."

"Mayi, ine kuja sindibwererako," anatero Felista. "Ndinaona mdima."

"Mu mdima umenewo ndinakutulutsa ndine. Mvera, mwana wanga. Chinthu ichi chikamakula chimakankhira kholingo pambali, n'kumalipanikiza. Lero paipi ndingailowetse nditatsinzina. Zikapita zaka ndidzavutika nayo. Amene sanazolowere, njira sadzaipeza n'komwe. Bwera ndikadalipo."

Felista anakana. Anayesa mankhwala achikuda amene apongozi ankatumiza. Anakwera phiri ndi amayi a mapemphero. Ine sindinamukakamize. Pa nkhani imeneyi ndinkaona kuti mawu anga anathera pakhonde lija.

Mayi Zuze sanaleke. Miyezi ingapo ikapita ankabwera ndi chingwe chomwecho. Mfundo yatsopano inkakhala patsogolo pa yakale, nthawi zina pang'ono, nthawi zina kutalika kwa chikhadabo. Ankamuonetsa Felista, n'kupempha tiyi wopanda mkaka. Pang'ono ndi pang'ono anayambanso kundilankhula, koma dzina la alembi silinabwerere. Ndinakhala a Nampota mpaka imfa yawo.

Zaka zopuma ntchito zitakwana, anawachitira kaphwando, nawapatsa wotchi ya pakhoma. Anakhala pakhomo masabata asanu ndi limodzi. Kenaka anawaitananso kuti azigwira mwezi ndi mwezi, poti panalibe wolowa m'malo mwawo. Mwana wawo wamkazi anakangana nawo kwambiri, akuti BP yawo yakwera, akhale pansi. Iwo anati akhala pansi akaona munthu amene angamusiyire. Chaka chija mafuta ankasowa, magalimoto n'kumagona pa mizere, ankayenda wapansi kuchokera kuno mpaka kuntchito, mayi wa imvi, chikwama kukhwapa. Ankabwerako miyendo itatupa. Ndinawauza tsiku lina kuti ntchitoyi iwapha.

"Mwina," anatero. "Koma ndikapanda kupita, wa lero amugonetsa ndani?"

Anayamba kulankhula za kutsogolo ngati munthu woona mtambo. Ankati achinyamata amene akubwera ndi anzeru, mabuku akuwadziwa kuposa iwo, koma akuwaponya okha pa matebulo asanaone makosi okwanira. Mmodzi akuthamanga zipinda ziwiri za opareshoni. Wotere, ankati, sakhala ndi nthawi yonyamula fulasiki n'kuigwedeza. Amafunsa kamodzi, amalemba, amapita.

Felista anavomera chaka chino. Sanavomere chifukwa cha mawu a munthu. Anayamba kulephera kugona chagada. Akagona, mpweya umalira ngati kherere, ndipo amadzuka akugwira pakhosi. Tsopano amagona chokhala, atatsamira mapilo atatu. Kukwera kamtunda kochokera pa msika amaima kawiri. Madokotala atamujambula anati kholingo lapindika ndipo latsala kanjira kakang'ono. Anatipatsa tsiku msanga, osatiika pa mndandanda.

Mayi Zuze anabwera kunyumba ndi chithunzi chimenecho m'manja. Anachikweza kudzuwa nthawi yayitali.

"Mwandichedwetsa," anatero. "Koma ndiyesa. Ameneyu sindimugonetsa kaye. Paipi ndidzailowetsa akupuma yekha, pang'onopang'ono, ndipo pokhapo ndidzamugonetsa. Ndinazichitapo. Tsiku limenelo ngakhale nditakhala pa ofu, ndibwera."

Felista analira. Iwo anamusisita kumsana, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Apongozi anu akhale ku Thyolo. Ndipo inu, a Nampota, sindidzakufunsani kanthu."

Aka kanali komaliza kulankhula nawo. Anagwa patatha masiku asanu ndi anayi.

Tsiku la opareshoni silinasinthe. Ndi Lachinayi la sabata yamawa. Dzulo tinapita kuti akamuone ogonetsa, monga amachitira opareshoni ikayandikira. Anatilozera kachipinda ka kumapeto kwa khonde, pafupi ndi chitseko cha fiyeta. Ndinali ndisanalowemo.

Chitseko chinali chotsegula. Muli tebulo limodzi, sikelo, ndi mpando wachitsulo umene khushoni yake inaphwa pakati. Pa msomali pali kapu ya pulasitiki. Pakhoma anamata pepala la magawidwe a ntchito a mwezi uno. Lili ndi mayina atatu. Loyamba ndi la Mayi Zuze, ndipo wina analidula ndi cholembera kuyambira tsiku limene anagwa mpaka kumapeto kwa mwezi. Pamwamba pa mzerewo sanalembepo dzina lina. Ndinatsata ndi chala mpaka pa Lachinayi lathu. Pali dzina limodzi la munthu amene sindikumudziwa, ndipo lalembedwa pa zipinda ziwiri.

Mayi wina amene ankakolopa anati onse ali mkati, tidikire, mwina wina atuluka.

Tinadikira maola atatu. Chitseko cha fiyeta chinkatseguka n'kutsekeka, matirole akulowa, ena akutuluka. Palibe amene anabwera pa mpando uja. Felista anakhala pa benchi ataongola msana, chibwano m'mwamba, chifukwa akaweramira kutsogolo mpweya sudutsa. M'kachipindamo munali zii, moti chimene chinkamveka ndi kapumidwe kake kokha.